Mphepo ndinaipeza, koma inabwera ndi eni ake

Chimene chinanditsegula m'maso ndi jekete. Ndinali nalo limodzi lokha, lakuda, la pa kaunjika ku Limbe, ndipo linkagwira ntchito zonse: ukwati, maliro, intavyu. Loweruka lina mu Julaye ndikulitulutsa m'sutikesi kuti ndipite ku chinkhoswe cha msuweni wanga, ndinapeza lachita chuku, m'mapewamu mwayera mbuu ngati ndagona m'chigayo. Nsapato nazo zinali zitabiriwira. Kuchinkhosweko ndinapita nditavala juzi, ndipo mpaka lero azakhali anga amakhulupirira kuti ntchito inandithera koma ndikubisa.

Ndimachita lendi ku Bangwe, pa mdadada wa zipinda zisanu, changa ndi chakumapeto. Amene anakhalapo mu Blantyre miyezi ya Juni ndi Julaye akuchidziwa chiperoni, kamvula kowaza kaja kobwera ndi mphepo yochokera ku Mozambique, kumene kuli phiri la Chiperone lomwe linapereka dzinali. Sikagwa koti n'kuthawa ayi, kamangokunyowetsa mwaulemu masiku atatu dzuwa osalionako. Ndiye ine ndi kuzizirako, chitseko tseke, windo tseke, mbaula m'nyumba nyemba zili pamoto, zovala zochapa pachingwe pamwamba pa bedi. Za mbaulazo musatengere, mpweya wa makala m'chipinda chotseka umapha anthu ali m'tulo. Ine chinandipulumutsa ndi mpata wa pansi pa chitseko, pomwe khoswe amadutsa osawerama. Kukacha malata ankadontha ngati nyumba ikutuluka thukuta, khoma la kumutu kwa bedi lili bii.

Ndinapita kwa alandilodi, mayi wachikulire wosasowa kumapemphero.

"Amayi, chipinda chija chikuchita chinyezi."

"Mwana wanga, chinyezi si changa, ndi cha Mulungu. Dikirani Ogasiti, dzuwa likubwera."

Ndinangotchula simenti, nkhope inasintha. Kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mawu amenewo pabwalo pawo ndi ofanana ndi kutukwana.

Usiku womwewo ndinagula bandulo n'kulowa pa YouTube. Ndinapeza mzungu wina wa ku England akufotokoza bwinobwino: nthunzi ya pophika, ya zovala zonyowa, ngakhale mpweya womwe timapuma, ikasowa potulukira imakhudza khoma lozizira n'kusanduka madzi, ndiye chuku chimapeza munda. Mankhwala ake, boolani khoma chakumwamba, poti mpweya wofunda umakwera, muikepo venti. Iye anali ndi makina oboolera omwe anadula dzenje lozungulira bwino ngati kapu, osatuluka ndi thukuta lomwe. Ndinati, aaa, nkhani yake ndi imeneyi basi?

Ine makina anga anali nyundo yobwereka kwa aneba ndi msomali wa mainchesi 6. Venti ndinagula ya simenti, zoumba m'mbali mwa msewu zija, kuphatikizapo kawaya kotchinga udzudzu ndi simenti yoyeza pa sikelo. Ndinadikira Lachinayi masana, alandilodi atavala zoyera kupita kumapemphero a amayi, n'kudzitsekera m'chipinda ngati munthu wofuna kuchita zamankhwala.

Chimene mzungu uja sanandiuze n'chakuti khoma lake si khoma langa. Lathu kuno njerwa ndi zootcha inde, koma anazilumikiza ndi dothi, simenti ili pankhope pokha ngati mafuta odzola. Nditakwera pampando, ndinamenya koyamba, pulasitala gwa. Kachiwiri, fumbi m'maso. Kachitatu, njerwa inapita kunja osatsanzika, anzake atatu n'kuiperekeza. Ndinkafuna dzenje lolowa dzanja, ndinapeza dzenje loti n'kuikapo TV.

Kenako kuseri kunabuka chiphokoso.

Zaka ziwiri ndili pamalopo, sindinazungulirepo kuseri kwa mdadada. Ndikanapitako kukatani? Kumeneko alandilodi anamanga khola la nkhuku motsamira khoma langa lomweli. Njerwa zanga zinatera pomwe thadzi lina linkafungatira mazira. Thadzilo, posadziwa kuti dziko likutha kapena ayi, linaona kuwala n'kuulukira m'dzenjemo, kundimenya pamphumi, ine ndi mpando pansi khu! Linatera pabedi, kuchoka pabedi pa poto wa nyemba, kuchoka pa poto pachingwe cha zovala, kulikonse likusiya siginecha. Ndikudzuka ndinaona tambala wasuzumira padzenje paja, akundiyang'ana ndi diso limodzi ngati wapolisi wa pa rodibuloko.

Ana apabwalo sanachedwe. "Ankolo aboola nyumba! Ankolo akuba nkhuku!"

Nkhani imathamanga kuposa minibasi. Sipanathe mphindi 20, chitseko gogogo. Ndinatsegula nkhope ili mbuu ndi fumbi, nyundo kudzanja ili, thadzi kukhwapa uku, poti ndinali nditangoligwira kumene. Panja alandilodi ndi yunifolomu yawo, kumbuyo kwawo amayi anayi a kumapemphero, kumbuyo kwa amayiwo Bangwe yense.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Achimwene, nkhuli yake ndi yotani yochita kudzera kukhoma? Bwanji osangopempha?"

Ndinayamba kufotokoza za nthunzi, za khoma lozizira, za mpweya wofunda womwe umakwera. Mawu oti England nditawatchula, mayi wina anagwira pakamwa. Alandilodi sanayankhe. Analowa, kulumpha nyemba zomwe zinali pansi, n'kulunjika pa kalendala ya 2019 yomwe ndinaipeza ili pakhoma pamwamba pa windo. Inasiyidwa ndi amene ankakhalamo kale, ndipo ndinaileka chifukwa inali ndi chithunzi chokongola cha nyanja. Anaikola ndi ambulera, kalendala pansi.

Kuseri kwake kunali venti. Yabwinobwino, ya simenti, yofanana ndendende ndi yomwe ndinagula. M'mabowo mwake munali mutatsekedwa ndi masokosi, majumbo ndi nyuzipepala zakale.

"Malemu bambo anu sankamanga nyumba yopanda mphuno," anatero, akusolola sokosi limodzi ndi nsonga ya ambulera. Kamphepo kanalowa nthawi yomweyo, kozizirira bwino, kaulere.

Mlandu unaweruzidwa pomwepo, amayi anayi aja ndiwo anali oweruza. Mazira osweka anali 9. Ine ndinati ndigula mazira 9 pa okala. Alandilodi anati ayi, amenewo sanali mazira odya, zinali nkhuku 9 zomwe zinali m'njira, ndipo mwa izo zisanu zikanakhala zazikazi zomwe nazonso zikanaikira. Ndinawapempha kuti tiimire pa m'badwo woyamba. Mmisiri ndinalipiranso ndine, ndipo poti dzenje linalipo kale, venti yanga anaiikapo ndithu, akuseka mpaka simenti kumugwa pa chipande.

Chilungamo chake, chinyezi chinatha. Mphepo imalowa uku n'kutulukira uko, khoma linauma, jekete lili bwino. Kungoti ikamaomba kuchokera kuseri imabwera ndi fungo la zitosi, utitiri unapeza njira yodutsa kawaya kaja, ndipo tambala uja anazindikira kuti akalira atayang'ana pa venti mawu ake amamveka bwino. Amayamba 3 koloko.

Pakutha pa mwezi ndinapita kukapereka ya lendi. Alandilodi anawerenga, n'kuwerenganso, dzanja likadali lotambasula.

"Yaperewera, mwana wanga. Pa mdadada wonsewu chipinda cha maventi awiri ndi chanu chokha."