Zikomo a Matron ndi anzanga a naiti, kamzere katuluka kamodzi

Abale lero mundilole ndilembe zambiri, amene simukonda zitalizitali mungodutsa sindikwiya ayi. Dzulo masana ndinakayezetsa magazi komaliza, miyezi 6 chindibayireni singano ku ntchito, ndipo kamzere katuluka kamodzi basi. Kamodzi! Ndilibe HIV. Ndinakhala pa benchi ya ku labu ndikungoseka ndekha misozi ili chuchuchu mpaka mnyamata wa ku labu kundifunsa kuti asisi muli bho koma? Ambiri a inu simunadziwe kanthu chifukwa ndinabisa, ngakhale mayi anga kumudzi amva sabata yathayi. Ndiye poti zatha ndati ndithokoze poyera anthu amene anandigwira dzanja, makamaka a ku ntchito. Mayina sinditchula, chipatalanso sinditchula, eni ake azidziwa okha akamawerenga. Za wodwala uja ndiye musandifunse n'komwe, ndife anamwino tinalumbira.

Ine ndimagwira pa kiliniki ina yapulaiveti mu Blantyre muno, ya kampani yomwe ili ndi nthambi zingapo. Zinachitika mu January chaka cha 2023, nthawi ija kolera inalusa mpaka boma linachedwetsa kutsegulira masukulu mu Blantyre ndi Lilongwe. Ife si malo ogonekera odwala kolera, timawatumiza ku kampu, koma munthu akabwera wathera madzi sungangomuuza kuti pitani, umayamba wamuika dripu kuti akafike wamoyo. Usiku umenewo cha m'ma 1 koloko anabwera naye munthu maso atalowa mkati, khungu ukalitsina osabwerera, mitsempha yonse itathawa. Magetsi kunalibe, mukukumbuka mmene zinalili chiwonongereni Kapichira namondwe Ana mu January 2022, ndipo jenereta yathu inali itazima madzulo chifukwa dizilo amasowa tauni yonse. Ndiye a gadi athu ndi amene amandiunikira ndi tochi ya pa foni yawo, kafoni ka mabatani. Kanyula yoyamba, singano yoikira dripu ija, ndinaphonya. Bokosi lotayamo masingano linali ku ngodya ya chipinda uko, komanso linali lodzaza mpaka kukamwa, ndiye ndinangoika singano ija pa thireyi kuti ndiyesenso dzanja linalo. Wodwala anakokeka minofu ya m'miyendo monga kolera imachitira, anadzambatuka, thireyi inapendama, ine pofuna kuiwakha singano ija ndi pa chala chachikulu jaa, kupyola golovesi.

Ndinamaliza kuika dripu kaye, sindidziwa kuti manja anagwira bwanji. Kenako ndinatsegula buku lake la kuchipatala ndipo linandiuza zomwe ndimaopa.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna mumvetse, makamaka anzanga a yunifomu yoyera. Ganizo langa loyamba silinali PEP ayi, mankhwala aja omwa mwamsanga kuti usatenge HIV. Linali loti ndibise. Ine namwino wa zaka 9 pa ntchito, amene ndimaphunzitsa ena kuti PEP imafunika kuyamba maola 72 asanathe ndipo ikayamba msanga ndiye bwino, ndinaima pa sinki kumaganiza kuti ndingokhala chete palibe waona bwinobwino. Chifukwa chake ndi komwe ndinachokera. Kumene ndinayambira ntchito, ukaswa thermometer amakudula pa salale, ukanena kuti ndalakwitsa amakukalipira pa wodi pomwepo odwala ndi ma gadiyani akuonerera, "ndinu anesi a mtundu wanji inu, munakhoza bwanji mayeso". Mnzathu wina kumeneko anabayidwa nakanena, sabata isanathe chipatala chonse chimanong'ona kuti za singanozo ndi bodza, mayiyu akumwa ma ARV kalekale akungofuna pobisalira. Tinaphunzira kutseka pakamwa tonse. Ndipo mantha amenewo ndinasamuka nawo, anali m'thupi ngakhale ndinali nditasintha ntchito zaka zitatu m'mbuyomo.

Zikomo yoyamba ipite kwa achimwene anga a kiliniko ofesala amene tinali nawo naiti. Anandipeza pa sinki, anangoyang'ana golovesi ija ndi nkhope yanga, sanandifunse ngati ndikufuna kapena ayi, anatenga foni nkuimbira a Matron 2 koloko usiku. Ine kumawaletsa ati aaa musawadzutse ndinena mawa. Iwo amvekere mawa lake liti asisi. Achimwene, tsiku limenelo ndinakukwiyirani, lero ndikukugwadirani.

A Matron anayankha foni isanaitane katatu. Ine ndinali nditakonzeka kale kukalipidwa, mawu opepesa ali kukamwa. Funso lawo loyamba linali loti wasamba ndi sopo pa madzi oyenda, usafinye balalo. Lachiwiri, ndipo ili ndi lomwe linandigwetsa misozi, anafunsa kuti bokosi la masingano linali pati? Osati iwe umatani, osati maso ako anali kuti. Bokosi linali pati. Nditawauza anangoti mwana wanga khala pansi ndikubwera. Anabweradi, pa galimoto ya amuna awo, mafuta omwe bamboyo anagonera pa mzere ku filing'i siteshoni, atavala chitenje ndi juzi, tsitsi lili mu duku. Anandiyeza okha chitseko chotseka, anandipatsa uphungu ngati sindine namwino, akuti lero ndiwe wodwala wanga usandiuze kuti ukudziwa kale, ndipo piritsi loyamba ndinamwa kusanache. Fomu ya ngozi analemba okha ine ndikungosayina, ndipo pa mzere wa chomwe chinachititsa analemba mdima ndi bokosi lodzaza.

Amayi, ndikudziwa simukonda kutamandidwa ndipo mundikalipira Lolemba chifukwa cha positi iyi, koma pepani ndanena.

Mwezi wa mankhwala uja sunali masewera. Ndi ma ARV a 13A omwewa timapereka kwa odwala athu tsiku ndi tsiku, piritsi limodzi pa tsiku, ndipo ine ndakhala ndikuuza anthu mopepuka kuti mungomwa bambo muzolowera. Eee. Tulo kusowa, ukagona maloto achilendo, mutu kuwawa, nseru m'mawa ngati ndili ndi pakati. Ndinasintha kumamwa m'mawa ndiye tulo tinayambako kubwera. Mabuku amati mwa anthu 1,000 obayidwa ndi singano yokhala ndi HIV pafupifupi 3 ndi amene amatenga, ndipo PEP imatsitsanso chiwerengerocho, koma 3 koloko usiku uli maso gwa kuyang'ana denga masamu sagwira ntchito, umangodziona uli mmodzi mwa atatuwo. Panopa wodwala akandiuza kuti mankhwalawa akundisowetsa tulo ndimakoka mpando kukhala naye.

A Matron anandichotsa pa naiti mwezi wonse. Pa rosita anangolemba kuti kusintha, osafotokoza. Anzanga anayi anagawana manaiti anga, nthawi imene aliyense anali wotopa ndi kolera, ndipo palibe anabwera kudzandifunsa kuti iwe wapadera ndiwe ndani. Mmodzi ali ndi khanda loyamwa koma anatenga awiri. Botolo la mapiritsi lija limachita phokoso m'chikwama, tonse timalidziwa kulira kwake, tsiku lina linalira mu chipinda chomwera tiyi anthu ali phee, mnzanga wina anangokweza wailesi nkuyamba nkhani ya mpira wa Bullets ndi Wanderers ngati sanamve kanthu. Asisi inu, ndinaona zimene munachita.

Sikuti onse anali angelo ayi, ndisaname. Masiku anayi amene ndinalephera kudzuka, wina wa ku akaunti anafuna kundidula ati sindinabweretse kalata yonena matenda ake enieni. Mayi wa ku HR, ofesi yoona za ogwira ntchito, ndi amene anaima nganga, akuti kalata ya dokotala ilipo ndipo matendawo si nkhani ya ku akaunti, anawakumbutsanso kuti lamulo la ntchito limapereka masabata 4 a tchuthi chodwala pa malipiro onse kwa munthu amene wagwira chaka chathunthu. Salale inabwera yonse. Mayi inu zikomo, mandasi anu ndili nawo ngongole.

Koma chimene chinandisintha maganizo pa kampani imeneyi ndi msonkhano wa patatha sabata ziwiri. Bwana wamkulu anabwera yekha ku nthambi yathu, anaitana aliyense, anamwino, a labu, a ku famase, oyeretsa, ma gadi, a ku risepushoni. Ine mtima uli phaphapha kuti basi lero ndiyalutsidwa. Sanatchule dzina langa olo kamodzi. Anabwera ndi bokosi lodzaza lija analiika pa tebulo nkunena kuti mnzathu wina wavulala chifukwa cha ichi, ndipo amene anachedwa kusayinira oda ya mabokosi atsopano ndi ineyo. Bwana kunena pamaso pa ma gadi kuti ndalakwa ndine! Ine chibadwire sindinaonepo. Kenako anafunsa ngati alipo wina amene zinamuchitikirapo, akuti palibe achotsedwe ntchito. Kunali zii kwa nthawi yaitali ndithu. Ndiye mayi wina woyeretsa, wachikulire, amene amatikolopera mmawa uliwonse ife tikungomudumpha ndi moni wa pakamwa, anaimika dzanja pang'onopang'ono. Akuti ine bwana zandibayapo kawiri pomanga zinyalala, ndinangotsuka ndi jiki nkukhala chete, ndimaopa kuti mundiuza kuti ndine wosasamala ndiye ana anga adya chani. Kawiri abale. Sanamvepo n'komwe kuti kuli mankhwala oteteza, ife anamwino timadziwa koma palibe anaganizapo zowauza oyeretsa. Ndinachita manyazi kuposa tsiku lobayidwa lija. Nkhaniyi ndailemba atandilola eni ake, ndipo anayezetsa ali bwinobwino, akuti ndikuuzeni kuti Mulungu ndi wamkulu.

Kuchokera pamenepo zinthu zinasintha zooneka ndi maso. Bokosi lili pa thirole iliyonse, likafika pa mzere uja wa magawo atatu mwa anayi limatsekedwa, ndipo woyeretsa ali ndi mphamvu yokana kunyamula thumba la zinyalala ngati aona singano, amaitana namwino amene wataya adzachotse yekha. Poyamba ena zinawawawa kuuzidwa ndi woyeretsa, panopa tazolowera. Anagula nyali za sola ndi matochi ovala kumutu. Oyeretsa anawapatsa magolovesi okhuthala aja. Nambala ya a Matron ndi ya dokotala wamkulu zili pa khoma pamwamba pa sinki, pansi pake analemba m'Chichewa kuti ukabayidwa imba nthawi yomweyo ngakhale usiku. Ndipo tonse anatibaya katemera wa hepatitis B, majakisoni atatu, kampani kulipira. Ambirife tinalibe chifukwa katemerayu anayamba kuperekedwa kwa makanda ku sikelo mu 2002, ife tinali titakula kale, chonsecho hepatitis B imalowa pa singano mosavuta kuposa HIV. Ine ndinali ndi mwayi kuti ku mbali imeneyonso ndatuluka bwino.

A gadi aja amene anandiunikira, namondwe Freddy atagwa mu March nyumba yawo ku Chilobwe inapita ndi matope ochokera m'phiri la Soche, anapulumuka ndi zovala za m'thupi iwo ndi banja lawo. Tinasonkha, kampani inawapatsa malata ndi salale ya patsogolo, ena anabweretsa mapoto ndi mabulangete. Bamboyu pa mavuto onsewo anandipeza pa geti nkundifunsa chapansipansi kuti amayi chala chija chili bwanji. Miyezi yonseyi sanauze munthu. Abambo, zikomo.

Musaganize kuti ndikuti kuno ndi ku paradaiso. Salale siikukwana, chitsikireni kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022 zinthu kumsika zinathawa ife tili pomwepo, ndalama za lokamu, za mashifiti owonjezera zija, zimachedwabe, ndipo pa nkhani imeneyo bwana tikumanabe mu msonkhano wa mwezi uno, positi iyi siikufuta madandaulo athu. Kungoti panopa timadandaula mokweza m'chipinda momwemo muli mabwana, kale timanong'onezana mu minibasi.

Kunyumba ndithokoze bambo a ana anga. Nditawauza m'mawa uja anakhala chete kaye, ine nkumati kaya aganiza zotani, mukudziwa mmene nkhani izi zimaphwasulira mabanja. Anangofunsa kuti piritsilo umamwa nthawi yanji, nkutchera alamu pa foni yawo. Zoti tizidziteteza m'nyumba mpaka zotsatira zituluke sanatsutse olo tsiku limodzi, ndipo ulendo wa miyezi itatu ndi wa dzulowu anandiperekeza nkumadikira panja pa mtengo wa mango ngati gadiyani weniweni. Ana amangodziwa kuti amayi amadwala mutu. Amayi a mvano a ku mpingo kwathu ndinangowauza kuti mundipempherere pali nkhani, sanakumbe, anapemphera.

Botolo lopanda kanthu lija ndinalisunga mu drowa, dzulo ndalitaya. Lachisanu ndabwerera pa naiti yanga ya nthawi zonse, ndibwera ndi mpunga wa Kilombero ndi nkhuku ya lokolo, a naiti nonse musadye kunyumba. A gadi ndi amayi oyeretsa mbale zanu ndiyamba kugawa ndi zanuzo, achimwene a kiliniko ofesala inu chiwindi ndi nthutumba ndakusungirani, wina asakhudze.