Zikomo nonse, Altezza yabwerera pamsewu magetsi akuyaka

Abale anga a kuno ku Mulanje ndi a ku Thyolo, lero ndabwera kudzathokoza basi. Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti kodi mnyamata wakabaza uja ali bwanji, nanga kagalimoto kaja kali kuti sitikukaonanso pa Chitakale. Mnyamatayo ali bwino, bondo lapola ndipo wayambiranso kunyamula anthu, Altezza nayo yapasa COF (mayeso oona ngati galimoto ili yoyenera pamsewu) sabata yathayi magetsi onse akumbuyo akuyaka bwinobwino. Ndiye ndati mmalo moimbira foni mmodzimmodzi ndingolemba pano kuti aliyense adziwe amene anandigwira dzanja.

Kwa amene simunamve, zinachitika mu June nthawi ya chiperoni ndikuchokera ku Limbe madzulo kudzera ku Bvumbwe. Amene mumayenda msewu umenewu mukudziwa mmene chifunga chimatsekera ukadutsa pa Thunga kulowa m'minda ya tiyi, mawawa akugwa, galimoto yakutsogolo umangoidziwira timagetsi take tofiira basi. Thirakitala inatulukira pa kamphambano, ine kuponda mabuleki, kumbuyo phwaa! Mnyamata wa njinga yamoto amene amanditsatira anadzamenya bampala n'kugwera m'mbali mwa msewu. Mawu ake oyamba akadali pansi anali oti "bwana magetsi anu sanayake", ndipo amanena zoona, titayesa pompo mababu onse a mabuleki anali zii, fyuzi itapsa ndili m'njira. Magetsi amenewa amavuta chifukwa woyendetsawe suwaona, amawaona ndi wakumbuyo. Galimoto zambiri za otomatiki fyuzi ya magetsi a mabuleki (ya STOP) ikapsa giya imakana kuchoka pa P ndiye umadziwa kuti pali china chake, koma yangayi ndi Altezza ya mtundu wa RS200 ya manyuwo ya magiya 6, imangoyenda osakuuza kanthu.

Zikomo yoyamba ipite kwa amayi awiri amene amachokera kothyola tiyi. Sindikudziwani maina koma mmodzi wa inu anavula chitenje chake n'kumanga bondo la mnyamata uja osaganiza kawiri, winayo anaima pamsewu kumakupiza nthambi kuti magalimoto ena asatipeze m'chifungamo. Achimwene a pikapu amene munaima n'kutinyamulira mnyamatayo mpaka ku chipatala cha boma pa Thyolo, ndalama ya mafuta munakana, Mulungu akubwezereni pamene munachotsapo. Anamwino amene munali pa ntchito usiku umenewo zikomo. Komanso amalume ake a mnyamatayu, bambo inu munandiphunzitsa ulemu, munabwera osati ndi mkwiyo koma munati tikhale pansi, tinagwirizana kuti njinga ndikonzetse ine komanso masiku amene sanagwire ntchito ndimuonere, nkhani n'kutha mwamtendere.

Tsopano kagalimotoko. Amene mumakadziwa mukudziwa kuti si katsopano, Toyota anapanga ma Altezza kuyambira 1998 n'kusiya 2005, ndiye iliyonse mukuiona pamsewu ndi nkhalamba ngakhale ikulira ngati mwana, ndipo yanga inadutsa m'manja mwa anthu ena isanafike kwa ine. Walira mvula walira matope, ndinaifuna ndekha chifukwa cha injini ija ya 3S-GE. Nditaitengera pa garaja ina anyamata anaika fyuzi yatsopano, kuponda mabuleki magetsi kuyaka, akuti bho bwana yatheka. Sindinafike n'komwe pa Chonde yapsanso. Kubwerera, kuika ina, kuyaka, kutuluka, kupsa. Mapeto ake mmodzi anatulutsa fyuzi yobiriwira ya 30 amps akuti iyi ndiye siipsanso, wina akuti ayi tingopinda kawaya basi tiikepo. Alamu anga, inu amene munali nane tsiku limenelo, zikomo pokana. Munangoti "ayi mlamu, fyuzi ikapanda kupsa chipse ndi galimoto", n'kundiuza za madala ena a magetsi a galimoto pa Luchenza.

Madala amenewa ndi amene ndalembera zonsezi kwenikweni. Dzina sinditchula chifukwa anandiuza okha kuti za pa Facebook sazifuna, koma a ku Luchenza mwawadziwa kale, amakonzera pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Nditafotokoza sanagwire sipana ayi, anayamba ndi masamu pa chikatoni. Akuti babu la mabuleki ndi la 21 watts, batire ndi 12 volts, ukagawa babu limodzi limakoka 1.75 amps, awiri 3.5, kagetsi ka pa spoiler (chipapiko cha pamwamba pa buti) ndi ka LED sikadya kanthu. Ndiye akuti mwanawe, fyuzi imene analemba pa chivundikiro cha bokosi la mafyuzi ndi yokwana ndi kutsala, ikamapsa si kuti yachepa, pali pamene waya wamoto ukukhudza chitsulo cha galimoto, ndipo ukaika ya 30 waya woondawo ndi umene utenthe mkati mwa mtolo wa mawaya mpaka pulasitiki kusungunuka, kumbuyo kumenenso kuli thanki ya petulo.

Kenako anachita chinthu chimene sindinaonepo. Anazula mababu a mabuleki onse kumbuyo, anachotsa fyuzi ija, pamalo pake n'kulumikizapo babu lakale la 21 watts lomwe analiwotcherera timawaya tiwiri, n'kulipachika pa chiwongolero poti lizioneka tili kumbuyo. Pedulo ya mabuleki anaitsindira ndi kamtengo kotsamira ku mpando. Akuti mababu tachotsa ndiye moto ulibe kopita, babu ili likayaka ndiye kuti wapeza njira yachidule yopitira ku bodi, komanso ilo lomwelo likuletsa moto wambiri kudutsa ndiye palibe chipse, sitiononganso mafyuzi. Babu linali lozima. Anayamba kugwedeza mawaya kuyambira pa swichi ya pa pedulo, pansi pa dashibodi, m'mbali mwa chitseko pansi pa kapeti, kuseri kwa mpando wakumbuyo, pang'onopang'ono chikhatho ndi chikhatho, ine mtima uli m'mwamba kuti dzuwa likupita. Babu zii. Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha, tatsekani buti. Nditangoitsitsa kufika pakati babu lija ngwee! Kukweza, kuzima. Kutsitsa, kuyaka. Madala kuseka, akuti anyamata aja amayesa buti ili yotsegula eti? Ndithu, nthawi zonse inali yotsegula chifukwa amayang'ana mababu.

Atasenda kapeti ya pa chivundikiro cha buti tinaona zimene zinachitika. Amene anaika spoiler ija kalekale anaba moto pa waya wa mabuleki, kungosenda n'kupotokola n'kukulunga selotepi, kenako waya wakewo anaudutsitsa pa hinji ya buti wopanda chotchinga chilichonse. Zaka zonsezi tsegule tseke, pulasitiki inadyeka, timkuwa tikuoneka tonyezimira mwina titatu, penti ya pa hinjipo itachita kakuda kowauka. Buti ikatsekedwa waya umagona pafupi ndi chitsulo, ukagunda bampu kapena dzenje uku waponda mabuleki umakhudza, fyuzi phu. Ndiye chifukwa chake imapsa pamsewu osati pa garaja. Anadula gawo lonse lodyekalo, kuika waya watsopano wotalikirapo kuti uzipinda momasuka, kuwotcherera molumikiza monse osati kupotokola, kuveka kapaipi ka pulasitiki kokhwinyata kaja n'kumangirira kutali ndi hinji.

Ine ndimati tamaliza, iwo akuti dikirani taonani kumanzereku. Atabwezera mababu ndi fyuzi yoyenera anandiuza ndiponde mabuleki magetsi ena onse ali ozima, timagetsi ta pa nambala tinayamba kuyaka mofooka pamene palibe anatiyatsa. Atayatsa ma park n'kupondanso, lakumanzere mmalo mowala kwambiri linachita kuzilala. Akuti iyi ndi earth yoola, kutanthauza polumikizira waya ku bodi ya galimoto. Babu lakumbuyoli lili ndi timawaya tiwiri mkati, ka 21 watts ka mabuleki ndi ka 5 watts ka ma park, tonse timatulukira njira imodzi yopita ku bodi, njira imeneyo ikatsekeka ndi dzimbiri moto wa mabuleki umabwerera kudzera mu ka 5 kaja n'kukayatsa zinthu zina. Bawuti ya earth itamasulidwa inali yofiira ndi dzimbiri, pansi pa buti pali chinyontho chifukwa labala ya kuseri kwa nyali inauma, ndipo mvula ya kuno kwathu simufunikanso kuuzidwa. Anapala ndi sandipepa mpaka chitsulo kuyera, kumanga mwamphamvu, kupaka girizi pamwamba, labala kumata. Kuyesanso, onse awiri kuwala mofanana.

Anasinthanso kalabala kakang'ono kamene kamagunda swichi pa pedulo, kanali katang'ambika kale, akuti kakaphwanyika magetsi a mabuleki amangoyaka usiku wonse m'mawa n'kupeza batire yatha. Ndalama imene anatchula pa ntchito yonseyi ndinachita manyazi, ndinawonjezera ndekha ndipo anayamba akana kaye. Madala, ngati adzukulu anu akuwerengerani izi, ndagwada, zikomo. Mwana wanu wamng'ono uja amene amagwira tochi ndi kupereka zida ali ndi dzanja labwino, musamutaye.

Mayi a kunyumba, zikomo popirira, nthawi yonseyi ndalama ya ndiwo imapita ku njinga ndi ku mawaya inu osadandaula, kupatula tsiku lija munati tigulitse tigule Sienta kkkk, nkhani imeneyo tidzakambirana. Anzanga a ku ntchito amene mumanditenga m'mawa pa Chitakale osawerengera mafuta, a mpingo amene munapita kukamuona mnyamata uja kwawo ngakhale si wa mpingo wathu, ndi inu a gulu lathu la pa WhatsApp la okonda magalimoto amene munanditumizira chithunzi cha mmene mawaya a galimoto imeneyi amayendera, zikomo nonse. Ndi iwenso mphwanga wakabaza, dzulo unandiimitsa pa Thyolo boma n'kundiuza ndiponde mabuleki uone kaye, unachita bwino ndipo uzitero ndithu ukandiona.

Amene mwandifunsa kale njira ya kwa madala ndilembereni ku inbox ndikulozerani, koma mupite m'mawa chifukwa galimoto amagwira imodzi imodzi ndipo sathamangitsidwa. Loweruka musavutike n'komwe, ndi a Seventh Day, kuyambira Lachisanu dzuwa likamalowa zida amakhala atalongedza kale.