Zikomo kwa nonse amene mwapuma nafe chaka chonsechi

Loweruka lapitali kalasi yathu ya yoga yakwanitsa chaka. Ife aphunzitsi tikuthokoza eni holo amene amatitsegulira kusanache, amayi anamwino amene amayeza BP ya aliyense wobwera kumene, ndi achinyamata amene amayala mikeka ndi kukolopa pansi. Inu makolo athu amene munabwera ndi mawondo olira koma osabwerera m'mbuyo, tikuwombereni m'manja.

Koposa zonse tikukuthokozani popirira phunziro lovuta, lomangiriza mpweya ku kayendedwe ka thupi, lomwe ku India amalitcha vinyasa. Njirayi inakula ndi T. Krishnamacharya, amene ankaphunzitsa mumzinda wa Mysore ku India m'ma 1930, ndipo wophunzira wake K. Pattabhi Jois anaifalitsa kutali. Lamulo lake ndi lalifupi. Kokani mpweya pamene chifuwa chikutseguka, monga pokweza manja kapena popindira msana kumbuyo. Tulutsani powerama ndi popotokola thupi, chifukwa mimba ikapanikizika imakankhira m'mwamba mnofu waukulu wa pansi pa mapapo, ndiye malo a mpweya amachepa. Mpweya ndiwo uyambe, thupi litsatire, ndipo dzanja lifike komwe likupita mpweya usanathe. Zonse m'mphuno, mukuwerenga mpaka 4 pokoka ndi 4 potulutsa. Mukazolowera, potulutsa mufike 6.

Ambiri tsopano mumatha Surya Namaskar, kutanthauza kulonjera dzuwa, ya mayendedwe 9 osayang'ana mnzanu, ndipo zimatisangalatsa kwabasi. Kukoka, manja m'mwamba. Kutulutsa, kuwerama. Kukoka, kudzutsa mutu ndi kuwongola msana. Kutulutsa, miyendo kumbuyo ndi kutsitsa thupi. Kukoka, chifuwa m'mwamba. Kutulutsa, chiuno m'mwamba, n'kukhala pomwepo kupuma kasanu. Kenako kukoka popita kutsogolo, kutulutsa powerama, kukoka poimirira.

Pachinayi paja, potsitsa thupi, ndi pomwe ambiri mumagwa. Mikono ikayamba kulemedwa, munthu amabanika osadziwa, nkhope imafiira, magazi amathamanga, ndipo akaimirira amaona mdima. Mankhwala ake ndi kugwada kaye, kenako kutsika mukutulutsa mpweya. Palibe manyazi pamenepo. Enanso mumapuma mwaliwiro kuti muwapeze anzanu; zala zikayamba dzanzi ndi mutu kupepuka, ndiye kuti mwataya carbon dioxide wambiri, mpweya umene thupi limatulutsa popuma, khalani pansi mpaka kupuma kubwerere mwakale. Kupuma kwa ujjayi, kochepetsa pang'ono njira ya kukhosi, kuzimveka kwa inu nokha. Wapafupi akamakumvani ngati mukuchita nkonono, mwakakamiza, ndipo mawa kukhosi kudzakanda. Mukadya nsima dikirani maola atatu musanayambe yoga. Kumbhaka, kugwira mpweya mwadala, sitiphunzitsa amayi oyembekezera, odwala mtima kapena a BP yokwera, ndipo tikuthokoza inu amene munatiuza za matenda anu mosabisa.

Tithokozenso amene munafunsa mwachindunji ngati zimenezi sizikusemphana ndi chikhulupiriro chanu. Funsolo ndi loyenera. Yoga inabadwira m'zipembedzo za ku India, ndipo Surya ndi dzuwa, lomwe Ahindu amalilemekeza ngati mulungu. Mawu oti prana amatanthauza mpweya komanso mphamvu ya moyo imene imayenda m'thupi. Patanjali, mlembi wakale wa za yoga ku India, anaika pranayama, kuwongolera mpweya, ngati gawo lachinayi mwa magawo 8 a yoga, pakati pa kakhalidwe ka thupi ndi kubweza maganizo m'kati. Buku la Hatha Yoga Pradipika la m'ma 1400 limaphunzitsa kuti mpweya ukamayendayenda maganizo amayendayendanso, ukadekha nawonso amadekha. N'chifukwa chake sitiyang'ana amene wafika zala pansi, timamvetsera kupuma kwake. Munthu akhoza kupindika ngati nsungwi yaiwisi, koma ngati akupuma wefuwefu, maganizo ake akadali kumsika.

M'kalasi mwathu sitiimba mantra, mawu opatulika a zipembedzozi amene amanenedwa mobwerezabwereza. Ena mwasankha kuika pemphero lanu lalifupi pa mpweya uliwonse, ena mumangowerenga, ena munaganiza bwino n'kusiya, ndipo nonsenu timakulemekezani.

Loweruka likubwerali tiyamba kupuma mosinthanitsa mphuno, mphindi zisanu zokha, titakhala pansi. Amene muli ndi chimfine mudzangoonerera. Zikomo kwambiri, amayi, abambo, achimwene ndi achemwali athu.