Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Lipoti la mwana wopalamula

Tinalekezera pamene ndinayamba ntchito yoona za ana ogwidwa ndi apolisi. Lero za ine ziyambe zadikira, ndifotokoze ntchitoyo, chifukwa magawo akubwerawa atsamira pamenepa.

Ku Malawi kuno mwana wosakwana zaka 10 saimbidwa mlandu. Wosakwana zaka 14 amaimbidwa pokhapokha zitatsimikizika kuti ankadziwa kuti akulakwa. Khoti la ana lisanagamule, wa zachisamaliro cha anthu amalemba lipoti: mwanayo amakhala ndi ndani, amadya kangati, sukulu analekeza kalasi yanji.

Lipotili limawonongeka pofunsa. Mwana akafunsidwa womulera ali pompo, amangoti "kunyumba kuli bwino", chonsecho mwina womukwapula ndi nthambo yamagetsi ndi yemweyo. Mufunseni kumbali, wa yunifomu asakhalepo. Musayambe ndi "unaberanji?" Yambani ndi komwe anagona dzana ndi dzulo. Yang'anani zikhatho: mwana amene anawotchedwa manja chifukwa chotapa ndiwo mumphika amakonda kuzibisa m'khwapa.

Mwana wokulira m'mantha thupi lake limakhala tcheru usana ndi usiku. Mukangomukwezera mawu, mtima umathamanga. Amaponya chibakera asanaganize, kapena amangoti duu osayankha. Akuluakulu amati ndi mwano, ndipo mawu amenewo akalowa m'lipoti, amutsatira mpaka kukhoti.

Ku America, katswiri wa kafukufuku Cathy Spatz Widom anatsatira ana 908 ozunzidwa kapena osiyidwa opanda chisamaliro, ndipo mu 1989 anawonetsa kuti ankamangidwa kawirikawiri kuposa anzawo. Koma ambiri mwa iwo sanamangidwepo, choncho tisathamangire kutcha mwana aliyense wovutika chigawenga chamawa. Kwathu kuno kafukufuku wa 2013 anapeza kuti pafupifupi anyamata awiri mwa atatu alionse anamenyedwapo mwankhanza ali ana.

Lamulo la ana la 2010 limalola kuti mlandu waung'ono uthe osazengedwa: mwana apepese, abweze chomwe anatenga, alandire uphungu. Njira imeneyi ndimaikonda kuposa kumutumiza kumalo osungirako ana opalamula, ku Chilwa ku Zomba kapena ku Mpemba ku Blantyre. Vuto ndi kumubwezera nyumba yomwe anathawa; posachedwa mumupezanso kudepoti. Musanasayine lipoti, fufuzani ngati alipo agogo, azakhali kapena amalume omwe angamutenge, mudziwitse amfumu, ndipo mwanayo mumuuze nambala yaulere yothandiza ana ya 116.