Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Kusaka nyumba ku Mzuzu

Ndinatsika basi pa depoti ya Mzuzu mu Epulo 2019, ndili ndi chikwama chimodzi, matilesi omanga ndi mphira, ndi kalata yoyambira ntchito m'thumba. Kunja kunali kamvula kowaza, kaja kosadziwa kuleka. Ife a ku Dedza timadzitama kuti kuzizira timakudziwa, koma tsiku limenelo mano ankagundana okha. Msuweni wanga yemwe ankaphunzira ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) anandisunga m'kachipinda kake ku Luwinga, ndipo alandilodi ake sanapite m'mbali: masabata awiri okha, akatha ndione msana wa njira.

Ku Luwingako sindinataye nthawi. Eni nyumba anazindikira kalekale kuti ana asukulu ndi munda wosalira feteleza. Chipinda chimodzi amaikamo mabedi angapo, aliyense n'kumalipira payekha. Nyumba za Malawi Housing Corporation ku Katoto ndinkangoziona ndili pa kabaza. Ndi malipiro anga a K120,000, kufunsa mtengo kukanakhala kudzinyoza ndekha.

Mnzanga wa kuntchito anandipezera ejenti, mnyamata wa jekete lachikopa ndi mafoni awiri. Asanasunthe phazi anati ndiyambe ndapereka K3,000 yoonetsera nyumba, yosabweza, kaya ndaikonda kaya ayi. Ndinapereka. Tinatsetserekera ku Chibavi, matope mpaka m'mapazi, n'kufika pa nyumba ya zipinda ziwiri yopaka laimu watsopano, yoyera kuti mbee. Lendi K25,000. Mtima unagunda, ndinaona ngati Mulungu wayankha.

Ejenti uja atapatuka kukayankha foni, mayi wina amene ankatsuka mbale pakhomo loyandikana anandikodola. Anayamba ndi Chitumbuka, ndipo ataona kuti ndangoti kakasi, anatembenukira ku Chichewa.

"Mwana wanga, ndiwe mlendo kuno?"

"Eya mayi, ndabwera sabata yatha."

"Ndiye tagwira khomalo, m'munsimo."

Ndinagwira. Laimu anandimatirira m'manja, wonyowa ngati phala. Nditayang'anitsitsa ndinaona mzere wachikasu ukudutsa khoma lonse, msinkhu wa m'mawondo. Mayiwo anati madzi anafika pamenepo pa mvula ya mu Epulo 2016, ija inagwetsa nyumba m'madera angapo a mzindawu, ndipo kuyambira nthawi imeneyo khomalo silinaumepo. Malowo ndi dambo. Amene anatulukamo, anatero atataya matilesi ndi nsapato chifukwa cha nkhungu. Ejenti atabwera ndinangoti ndikaganize kaye. Iye anati nyumba ina ilipo, koma yoonetsera ndi K3,000 inanso. Tinasiyana pomwepo, ndipo ndikaikumbuka ndalama ija mpaka lero imandiwawa.

Nyumba imene ndinalowa sindinaipeze ndi ejenti. Loweruka ndinangoyenda wapansi ku Mchengautuwa, kufunsa m'maokala ndi kwa azimayi ogulitsa makala, chifukwa iwo ndi amene amadziwa yemwe wasamuka. Anandilozera boyizi kota kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye, pamtunda, mu mpanda wa njerwa. Chipinda chogona, kabalaza, bafa ndi chimbudzi panja. Ndisanapereke n'komwe moni wokwanira, ndinali nditagwada kale kupapasa khoma. Mayiwo anaseka mpaka kugwira m'mimba, amvekere, "A Chibavi akuphunzitsani eti?"

Lendi inali K35,000, koma ankafuna ya miyezi itatu pakamodzi, K105,000. Ndinalira mpaka anavomera iwiri, ndipo ya mwezi umodzi mwa iwiriyo ndinakongola kwa malume. Zina sindinaziwerengere. Mita ya ESCOM inali imodzi pa mabanja atatu, mayunitsi tinkasonkherana. Bilu ya Northern Region Water Board ankaigawa potengera mitu ya anthu m'nyumba, zomwe zinandikomera ine wokhala ndekha. Kabaza wopita m'tauni ndi kubwerera ankadya pafupifupi K600 pa tsiku, ndiye pakati pa mwezi ndinkayenda wapansi. Mitengo imeneyi ndi ya nthawi imeneyo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kanyumba komweko ndinamva kuti lendi yake inapitirira kuwirikiza kawiri.

Usiku woyamba ndinatchinga zenera ndi chitenje cha amayi anga, matilesi pansi, n'kugona nditavala juzi ndi masokosi. M'mawa kusanache bwino ndinamva kugogoda. Anali alandilodi, m'manja kapu ya tiyi ndi mbatata ziwiri, m'dzanja linalo pepala la malamulo. Loyamba linali lakuti hotipuleti ndi yoletsedwa. Lachiwiri linali la alendo aakazi, ndipo limeneli ndi lomwe linadzandiika m'madzi patangotha miyezi inayi.