Chikuku cha mwana cha matayala atatu: werengani tayala musanalipire

Chikuku cha mwana chomwe ndinkafuna tsopano chili pakhonde, matayala onse atatu ali ndi mpweya, ndipo dzulo chakafika kusikelo n'kubwerako osagwedera. Zanditengera milungu itatu, ulendo wa ku Limbe womwe sunaphule kanthu, ndi K20,000 yomwe sindidzaionanso. Ndiye ngati muli kuno ku Zomba ndipo mukufuna chikuku cha mwana cha matayala atatu, chomwe ogulitsa pa Facebook amachilemba kuti stroller kapena jogger, yambani apa: musanafunse mtengo, njutani pansi muwerenge manambala olembedwa m'mbali mwa tayala.

Chifukwa chofunira cha matayala atatu sindichulutsa nacho gaga m'diwa. Amene amayenda m'njira za ku Chikanda, Sadzi kapena Chinamwali akudziwa kale. Timatayala ta pulasitiki ta zikuku wamba zija tinapangidwira simenti yosalala. Tikafika pamchenga timatitimira, kamwala kangachepe kamatiimitsa mwadzidzidzi, mwana n'kudzambatuka kutulo. Cha atatu chimabwera ndi matayala akuluakulu omwe amakwera pamiyala, pamizu, ngakhale pa tingalande tomwe madzi otsika m'phiri amakumba m'dzinja. Koma nachonso chili ndi zake. N'cholemera, zambiri zimakhala pakati pa makilogalamu 10 ndi 13 mulibe mwana, n'chotambalala kumbuyo, ndipo sichichedwa kupendekeka mukakhota mothamanga kapena mukatsika chitunda mopingasa.

Zikuku zimenezi zili mitundu iwiri, ndipo ogulitsa ambiri sasiyanitsa. China tayala lakutsogolo ndi lokhazikika, silitembenuka, chinapangidwira anthu othamanga. Kuti mukhote mumachita kupsinja chogwirira kuti kutsogolo kudzuke. Chimenechi mumsika wa Zomba chikulizani, chifukwa pakati pa mabenchi simungakhote nacho. Chomwe mukufuna ndi chija tayala lakutsogolo limazungulira mbali zonse koma lili ndi kobanira. M'tauni mumalimasula, mukalowa msewu wafumbi mumalikhoma kuti liyang'ane kutsogolo basi. Matayala nawonso alipo opopa, a mphira yolimba yodzazidwa mkati omwe saphwa, ndi a pulasitiki opakidwa zakuda kuti aoneke ngati mphira. Opopa ndi amene amafewetsa mabampu kwambiri. A mphira yodzaza savuta kusamala koma mwana amamva msewu pang'ono. A pulasitikiwo asiyeni. Akanikizeni ndi chala chachikulu: ngati sakubonyoka n'komwe ndipo akulira ngati ndowa mukawagogoda, ndi omwewo.

Tsono za ku Limbe. Ndinachiona pazithunzi, chooneka bwino, nsalu yake yosathetheka. Wogulitsa anati pali anthu ena atatu akuchifuna, nditumize chikole kuti andisungire. Ndinatumiza pafoni. Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi, tinaima pa Thondwe, tinaimanso pa Namadzi kudikira anthu, kufika ku Limbe dzuwa litakwera kale. Munthuyo anandidikiritsa maola awiri, foni akungoti "ndikubwera, bwana, ndili pafupi". Atabwera nacho, ndinangochikankha mamita ochepa pakhonde la sitolo, tayala lakutsogolo linayamba kunjenjemera uku ndi uku mpaka chogwirira chonse kumagwedezeka m'manja. Nditakhoma tayalalo, chikuku chinkathawira kumanzere. Ndinati achimwene, ichi n'chofa kutsogolo, mundibwezere chikole. Anandiyankha kuti chikole sichibwezedwa, katundu wa kaunjika amagulidwa momwe alili, ndipo pazithunzi ndinachiona ndekha. Tinakangana pamenepo mpaka anthu kuyamba kuunjikana. Ndinabwerera ku Zomba chimanjamanja madzulo, ndalama yoyendera yapita, chikole chapita, tsiku lonse lapita.

Chimene chimandiwawa mpaka pano n'choti vutolo likanaoneka ndili kunyumba. Musatumize chikole pa zithunzi zokha. Muuzeni wogulitsa ajambule vidiyo akuchikankha mwachangu pamalo osalala, tayala lakutsogolo litamasulidwa, kenako litakhomedwa, kenako achisiye chiyende chokha mamita atatu. Akakana, mwadziwa kale yankho.

Kunjenjemera kumeneku kuli ndi zifukwa zake, ndipo si zonse zomwe zili zoopsa. Nthawi zina ndi mpweya wochepa, kapena nati ya pa ekiselo yamasuka. Izi okonza njinga aliyense amathana nazo m'mphindi zochepa. Koma ngati mabering'i a pamwamba pa foloko, pomwe tayala limazungulirira, adyeka, kapena kapulasitiki kogwira folokoyo kang'ambika, palibe kuno komwe mukapeze china. Kuti mudziwe, dzutsani kutsogolo kwa chikuku, gwirani tayala ndi dzanja, likankheni kutsogolo ndi kumbuyo. Mukamva kuti kho kho pa foloko, chisiyeni. Kuthawira mbali imodzi kumabwera ndi matayala akumbuyo osiyana mpweya, kapena tayala lakutsogolo lomwe lakhala mokhota pa foloko. Zikuku zina zili ndi kachitsulo kopotokola kowongolera zimenezi. Ngati mwapopa mofanana, mwawongola, chikuthawabe, ndiye kuti felemu inapindika m'belo, ndipo felemu ya aluminiyamu ikapindika siwongoka bwinobwino.

Ndaiwala kunena kuti cha ku Limbe chija tayala lakutsogolo linali la mainchesi 10. Ngakhale chikanakhala chabwino, chikanandivutabe. Apa ndi pamene pali nkhani ya manambala ija. Matayala opopa a zikuku zambiri amalembedwa 12½ x 2¼, ndipo akumbuyo a zija zazikulu amalembedwa 16 x 1.75. Masaizi awiriwa ndi omwewo a tinjinga ta ana, choncho chubu ndi tayala mukhoza kuzifunafuna kwa ogulitsa zipangizo za njinga. Koma 10 x 2 ndi masaizi ena achilendo mudzazungulira nawo tauni yonse. Chikuku cha matayala opopa chomwe chubu chake sichipezeka chimagwira ntchito mpaka tsiku loyamba kuponda munga waukulu, kenako chimakhala choikamo zovala.

Chomwe ndagula ndinachipeza konkuno, kwa banja lina lomwe mwana wawo wakula. Onse atatu ndi a 12½ x 2¼. Ndinasangalala, koma panatsala kanthu kena komwe sindinakaganizire: valavu. Chubu cha tayala limodzi chinali chitatha, ndinagula china cha kanjinga ka ana, okonza njinga anachiika bwinobwino. Pofuna kupopa, pampu osalowa. Limu ya chikuku ndi ya pulasitiki, mpata wa pakati pa limu ndi habu (pakati pa tayala pomwe pamalowa ekiselo) ndi wochepa, ndiye valavu yowongoka imagunda pamenepo, mutu wa pampu osapeza polowera. N'chifukwa chake machubu enieni a zikuku amabwera ndi valavu yopindika yoloza kunja. Ngati simukupeza chubu chotero, funani pampu ya kapaipi kofewa komanga ndi mazinga, kameneko kamalowa. Valavu yake ndi ngati ya galimoto, ndiye pa filing'i siteshoni akhoza kukupoperani, koma samalani, mpweya wa kompulesa umadzaza tayala laling'ono chonchi m'kanthawi kochepa kwambiri ndipo ukhoza kuliphulitsa kapena kung'amba limu. Mlingo wa mpweya walembedwa pa tayala pomwepo, pafupi ndi saizi. Musapyole pamenepo. Ine ndimapopa ndi pampu ya manja Lamlungu lililonse, ndipo m'thumba la kumbuyo kwa mpando mumakhala zigamba, sulushoni ndi chubu chimodzi chapadera.

Buleki musaitenge mopepuka. Zomba ndi tauni ya m'mphepete mwa phiri, ndipo kuchoka chakumtunda ku Mulunguzi kapena ku Botanic Gardens kutsikira m'tauni ndi mtsetse wokhawokha. Chikuku cha makilogalamu 12, mwana wa makilogalamu 9, thumba la matewera ndi zogula pansi, zonsezo pa matayala akuluakulu osachedwa kugubuduka. Mukachitaya m'manja simuchigwira. Buleki yoponda ndi phazi iyenera kugwira matayala onse awiri akumbuyo nthawi imodzi. Ipondeni, kenako kankhani mwamphamvu kutsogolo ndi kumbuyo. Yang'anani mano a pulasitiki a mkati mwa tayala momwe kachitsulo ka buleki kamalowa: akakhala othothoka awiri kapena atatu motsatizana, pamenepo buleki imadumpha. Zina zili ndi buleki ya dzanja ngati ya njinga, yochepetsera liwiro potsetsereka. Imeneyo ndi yabwino, ndipo waya wake okonza njinga amasintha, koma siilowa m'malo mwa yoimikira. Kalamba kovala padzanja kaja, komangirira ku chogwirira, ambiri amakadula poganiza kuti n'kokongoletsa. Ngati palibe, pitani kwa atelala akusokereni ka lamba wolimba wa chikwama, mukamange pa felemu, muzikavala nthawi zonse potsika.

Za mwanayo tsopano. Khanda losakwana miyezi 6 liyenera kugona chagada, msana ndi mutu zili pamzere umodzi. Mpando ukakhala wokhalitsa tsonga, mutu umagwera pachifuwa n'kupanikiza njira ya mpweya. Ndiye tsitsani mpandowo mpaka pomwe umathera muone ngati ukugonadi. Zikuku zambiri za matayala atatu mpando wake sugona kotheratu, zinapangidwira mwana amene khosi lalimba ndipo akutha kukhala. Ngati chanu chili choncho, mberekeni kaye, chikuku chidikire. Kuthamanga nacho kapena kudutsa m'mabampu akuluakulu ndi khanda n'kosayenera ngakhale mpando utagona. Malamba akhale asanu: awiri a m'mapewa, awiri a m'chiuno, mmodzi wa pakati pa miyendo, onse okumana pa chomangira chimodzi. Mangani, kokani mwamphamvu, masulani, bwerezani kangapo. Za kaunjika zambiri zimabwera lamba wa pakati pa miyendo atasowa, ndipo ameneyo ndi amene amaletsa mwana kutsetserekera pansi. Akamangidwa bwino, pakati pa lamba ndi chifuwa cha mwana pazilowa zala ziwiri basi. Suzumiraninso pansi pa mpando kapena pa felemu, pamakhala kapepala. Zochokera ku Ulaya zimalembedwa EN 1888, za ku America ASTM F833, omwe ndi manambala a miyezo ya chitetezo cha zikuku, ndipo kulemera kwa mwana komwe chimalola kumalembedwa pomwepo, nthawi zambiri makilogalamu 15 kapena 22.

Tengani tepi. Ine ndinayeza chitseko cha kunyumba nditagula kale, mwamwayi chinalowa. Matayala akumbuyo amatambalala masentimita 60 kapena kuposerapo, ndipo zitseko za nyumba zina za lendi n'zopapatiza. Chipindeni nokha, osati wogulitsa, muone ngati mungathe ndi dzanja limodzi, chifukwa linalo lidzakhala litanyamula mwana. Mukachitambasula mumve kulira kwa loko mbali zonse ziwiri, kenako tsamirani pa chogwirira. Chikapindika chokha pamenepo, chidzapindikanso mwana ali momwemo. Ngati muli ndi galimoto yaing'ono, yesani kuchilowetsa m'buti musanalipire. Matayala akumbuyo a zambiri amazuka mukadina kabatani ka pakati, ndipo zimathandiza. M'minibasi kondakitala adzakulipiritsani ngati katundu, pakabaza musayese n'komwe. Chikuku ichi ndi cha munthu amene maulendo ake ambiri ndi apansi: kusikelo, kutchalitchi, kumsika, kokatenga mkulu wake kusukulu. Ngati tsiku lililonse mumakwera minibasi, chitenje chikutumikirani bwino kuposa ichi.

Pa chitenje pomwepo, pali chizolowezi chomwe ndimachiona m'tauni ndipo chimandidetsa nkhawa, chophimba chikuku chonse ndi chitenje kapena bulangete poteteza mwana kudzuwa. Mkatimo mumatentha kwambiri chifukwa mpweya suyenda, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ndipo mwanayo simukumuona. Gwiritsani ntchito kadenga kake, m'mbali musiye potseguka. Madzulo ikani kaneti ka udzudzu, kodula pa neti yoyera n'kusokerera lasitiki m'mphepete. Chikwama musachikoloweke pa chogwirira, chimakokera chikuku chagada, makamaka pokwera chitunda pomwe tayala lakutsogolo limapepuka kale. Katundu aikidwe m'kabasiketi ka pansi, ndipo nakonso musakadzaze ndi thumba la ufa. Pokwera bampu kapena khonde, psinjani chogwirira, tayala lakutsogolo likwere kaye, kenako akumbuyo onse awiri limodzi. Masitepe muzinyamula anthu awiri, kapena mutulutse mwana.

Cha kaunjika chikafika kunyumba, masulani nsalu yonse, muichape ndi sopo, iume padzuwa tsiku lathunthu. Chokhala ndi nkhungu yakuda yolowerera m'siponji musagule, sichoka. Zulani matayala akumbuyo, pukutani ekiselo, pakani girisi pang'ono. M'dzinja matope athu amalowa mu foloko ya kutsogolo n'kuuma momwemo, kobanira kaja n'kuyamba kukana, ndiye mukabwerako tsukani ndi madzi musanachiike m'nyumba, ndipo musachisiye panja usiku.

Amene mukupita ku Limbe kapena ku Blantyre kukaona chikuku Loweruka likubwerali, nyamulani pampu ndi tepi, ndalama zikhale m'thumba mwanu mpaka mutachikankha nokha. Wogulitsa akatumiza zithunzi, muuzeni atumizenso chimodzi cha pafupi, choonetsa manambala a pa tayala lakutsogolo ndi valavu yake.