Zimene ndaphunzira zokhudza liwiro, kutopa ndi ufa wa amino asidi

Mwezi uno m'maphunziro athu a ukochi tinali pa mutu wa kumene thupi limatenga mphamvu munthu akamathamanga liwiro la mtondo wadooka, komanso chimene chimamufooketsa. Mutuwu wandipeza pa nthawi yake. Ndimaphunzitsa pa sekondale ina kuno ku Nkhotakota, ndipo masana ndimakhala pabwalo ndi ana a mpira ndi othamanga. Anyamata akuluakulu avuta ndi nkhani ya ufa wa m'zigubu zolembedwa BCAA, umene amauona pa TikTok kapena achibale amabwera nawo kuchokera ku South Africa. "Aphunzitsi, akuti ukamwa umenewu sutopa." Ndinkafuna yankho lomveka, osati kungowakalipira.

Kutopa kulipo kwamitundumitundu, ndipo kwa munthu wa mamita 100 kumayamba msanga kwambiri. Mnofu umagwira ntchito ndi mphamvu yotchedwa ATP, koma imene umasunga ndi ya masekondi ochepa chabe. Ikamatha, imabwezeretsedwa mwachangu ndi nkhokwe ina ya mphamvu ya m'mnofu yotchedwa phosphocreatine, imenenso imatsika kwambiri m'masekondi pafupifupi 10. Ngakhale Usain Bolt pamene ankathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009, liwiro lake lalikulu linali pakati pa mamita 60 ndi 80, kumapeto linatsikako pang'ono. Ambiri amene timaona ngati akuwonjezera moto kumapeto amakhala akungochedwa kufooka poyerekeza ndi anzawo.

Chimene chandigwira mtima ndi nthawi imene phosphocreatine amatenga kuti abwerere. Theka limabwerera m'masekondi pafupifupi 30, koma kuti adzaze bwino pamafunika mphindi 3 mpaka 5. Ndiye taganizani zimene zimachitika m'mabwalo athu ambiri. Kochi aimba wezulo, ana athamanga kuchoka pagolo kukafika pagolo linalo, asanapume n'komwe wezulo yaliranso. Ulendo woyamba mwana amaponda ndi kutsogolo kwa phazi, mawondo akukwera, mikono ikupalasa bwino. Akabwereza kangapo mutu umagwera kumbuyo, mapewa akwera m'makutu, phazi likumenya pansi lonse kuti phwa phwa phwa, fumbi lili koboo. Kochi amasangalala kuti lero ana agwira ntchito. Agwiradi, koma liwiro sanaliphunzire. Aphunzira kupirira ali otopa, chomwenso n'chofunika pa mpira, kungoti ndi phunziro lina.

Kuthamanga modukizadukiza, kumene makochi amati interval training, n'kwakale. Kochi wa ku Germany, Woldemar Gerschler, mothandizana ndi dokotala wa mtima Herbert Reindell, ankathamangitsa anthu mpaka mtima uzigunda pafupifupi ka 180 pa mphindi, kenako n'kudikira kuti utsike kufika pa 120 asanayambenso. Wophunzira wake Rudolf Harbig anathamanga mamita 800 mu 1:46.6 mu 1939. Njira imeneyi ndaikonda chifukwa siifuna makina, zala ziwiri pakhosi ndi wotchi ya pafoni basi. Ina yotchuka ndi ya Izumi Tabata wa ku Japan, ya mu 1996: masekondi 20 mwamphamvu zonse, kupuma masekondi 10, kasanu ndi katatu, zonse mphindi 4. Iye anayesera pa njinga zopalasa pamalo amodzi, ndipo cholinga chinali kukulitsa mpweya ndi kupirira. Wofuna liwiro lenileni ayenera kuthamanga mtunda waufupi n'kupuma nthawi yaitali, mpaka oonerera aziganiza kuti timu ikuchita ulesi.

Nkhani ya lactic acid ndingoidutsa mwachidule. Ukathamanga mamita 200 kapena 400, thupi limaphwanya shuga mwachangu, asidi amachuluka m'minofu, miyendo n'kulemera. Koma asidi ameneyu, amene amatchedwanso lactate, amatsika m'magazi pakatha ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono. Kuwawa kuja kumene kumakugwira mawa kapena mkuja, kokulepheretsa kukhala pansi bwinobwino, kumabwera chifukwa cha timabala ting'onoting'ono m'minofu, ndipo kumafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72.

Tsopano ufa uja. Mapuloteni amapangidwa ndi mitundu 20 ya amino asidi, ndipo 9 mwa imeneyi thupi silingapange lokha, timaipeza m'zakudya. BCAA ndi itatu yokha mwa 9 ija: leucine, isoleucine ndi valine. Leucine amadzutsadi ntchito yomanga mnofu, ndipo ogulitsa amakuwa pamenepo. Koma ali ngati kapitawo amene waitana amisiri kuti ayambe kumanga pomwe njerwa zabwera zochepa. Popanda isanu ndi umodzi inayo, khoma silikwera. Mfundo imeneyi anaifotokoza bwino katswiri wa sayansi Robert Wolfe mu 2017. Panalinso ganizo la katswiri wina, Eric Newsholme, la m'ma 1980 lakuti BCAA ingachepetse kutopa kwa mu ubongo potchinga amino asidi wina wotchedwa tryptophan, koma ataliyesa pa anthu, phindu lake pa kathamangidwe silinaoneke bwino. Chimene kafukufuku wina wapeza n'chakuti kuwawa kwa minofu kumachepako pang'ono. Pa masekondi 10 a phosphocreatine, ufawu ulibe mbali.

Sindikunena kuti zonse za m'zigubu n'zabodza. Creatine, amene thupi limapanga kuchokera ku amino asidi otchedwa arginine, glycine ndi methionine ndipo amapezekanso mu nyama ndi nsomba, ali ndi umboni wokwanira pa kuthamanga kwakufupi kobwerezabwereza. Beta-alanine amawonjezera carnosine, amene amachepetsa ukali wa asidi m'mnofu, ndipo amathandiza makamaka pa ntchito ya mphindi imodzi mpaka 4, atamwedwa kwa milungu ingapo. Amachititsa khungu kunyerenyetsa. Komabe izi n'za akuluakulu amene chakudya, tulo ndi maphunziro awo zili kale m'malo mwake. Kwa amene akulota zofika pamene anafika wothamanga Asimenye Simwaka, amene anaimira Malawi ku Olympics ya ku Tokyo, adziwenso kuti malamulo a WADA, bungwe la dziko lonse lolimbana ndi mankhwala oletsedwa pa masewera, amaimba mlandu wothamanga mwiniwake pa chilichonse chopezeka m'thupi mwake, ndipo zigubu zina zimakhala ndi mankhwala oletsedwa osalembedwa kunja.

Mawerengero a chakudya ndi amene anditsegula maso kwambiri. Munthu wamasewera amafunika magalamu 1.2 mpaka 2.0 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Mnyamata wa makilogalamu 60 ndiye kuti magalamu 72 mpaka 120. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi magalamu 6. Kondowole amene timamukonda kunoyu amapereka mphamvu ndithu, koma mapuloteni ake ndi ochepetsetsa. Chimanga chilinako, kungoti chimaperewera lysine ndi tryptophan, n'chifukwa chake nyemba, soya kapena nandolo zimachikwaniritsa. Mwayi wathu ndi nyanja. Usipa, utaka, chambo cha ku Chia, zonsezi zili ndi amino asidi onse 9, ndipo usipa timadya ndi minga yomwe, kashiamu n'kulowa. Mwana amene wadya mpunga ndi usipa wokwanira wapeza leucine yemweyo pamodzi ndi anzake onse.

Vuto lenileni la ana anga ndi lina. Ambiri amafika pabwalo cha m'ma 3 koloko atangomwa phala m'mawa, kapena osalawa kanthu, dzuwa la Okutobala lili phwee, madzi akumwa alibe. Ena milomo ndi zikhatho zayera chifukwa malungo kapena likodzo zawachepetsa magazi, ndipo m'mbali mwa nyanja muno matenda amenewa si achilendo. Mwana wotere akamatsalira, afunika kupita kuchipatala akayezedwe.

Pokonzekera mipikisano ya masukulu, tsiku la liwiro ndalipatula. Tizithamanga mamita 30 mpaka 60 dzuwa litapepa, kupuma mphindi zosachepera 3, mnzake atagwira foni kumapeto akulemba nthawi mukope. Nthawi ikayamba kukwera kawiri motsatizana, ameneyo wamaliza za tsikulo ngakhale akuchonderera kuti apitirize. Zopirira tizichita tsiku lina, pakati pakhale mpumulo, ndipo aliyense azibwera ndi botolo la madzi ndi kambatata kapena chiponde cha mtedza chodya tikaweruka.